Kukonzanso makina oyang'anira madzi patali mu Blantyre: njira iti ingapirire magetsi akathima?

Madzi ambiri omwe anthu a mu Blantyre amamwa amachokera mu mtsinje wa Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera mu mzinda, ndipo kuti afike kuno amakwezedwa ndi mapampu mamita pafupifupi 800, kudzera pa malo ena opopera a ku Chileka. Damu la Mudi limathandizako pang'ono, ndipo kuyambira mu 2019 palinso madzi ochokera mu mtsinje wa Likhubula ku Mulanje, omwe amayeretsedwa ku Nguludi ndipo amafika malita 20 miliyoni patsiku. Kukweza malita 1,000 a madzi pa msinkhu wa mamita 800 kumadya mayunitsi a magetsi opitirira awiri ngakhale pampu itakhala yosataya mphamvu ngakhale pang'ono, ndipo popeza pampu yotere kulibe, chenicheni chimayandikira mayunitsi atatu. Choncho thanki ikasefukira usiku pamwamba pa phiri popanda woona, chomwe chikutsikira m'ngalande si madzi okha ayi, komanso magetsi omwe bungwe la madzi la Blantyre Water Board lidzalipira ku ESCOM pakutha pa mwezi. Malipoti a zaka zaposachedwa akhala akusonyeza kuti pafupifupi theka la madzi omwe Blantyre Water Board imapopa sabweretsa ndalama, chifukwa cha mapaipi ophulika ndi odontha, kulumikiza mwakuba, komanso mamita osawerenga bwino. Mu mzinda wotere, kudziwa msanga zomwe zikuchitika m'mapaipi ndi nkhani ya ndalama zambiri.

Makina omwe amalola ogwira ntchito kuona ndi kulamulira zonsezi ali m'chipinda chimodzi amatchedwa SCADA, ndipo ali ndi mbali zinayi zomwe sizikalamba mofanana. Pali tizipangizo toyeza kuchuluka kwa madzi m'thanki, mphamvu yawo m'paipi, liwiro lawo ndi klorini. Pali kabokosi kanzeru ka pamalopo, PLC kapena RTU, komwe kamalandira miyesoyo n'kuyatsa kapena kuzimitsa pampu. Pali njira yotumizira uthenga, kaya ndi wailesi, netiweki ya foni kapena nthambo, ndipo pomaliza pali makompyuta a m'chipinda cholamulira. PLC yabwino ikhoza kutha zaka 15 kapena 20 ikugwirabe ntchito, pomwe kompyuta ndi pulogalamu yake zimatha fasho zaka zisanakwane khumi. Ichi n'chifukwa chake mawu akuti "makina athu akalamba" sakwanira poyambira tenda, pokhapokha wina atayendera malo onse n'kulemba mbali yomwe yakalambadi. Aliyense amene anatsegulapo bokosi la makinawa pa thanki ya pa phiri patatha zaka khumi akudziwa zomwe zimapezekamo: chisa cha mavu pakona, nalimata wouma pakati pa nthambo, batire lofufuma, chipsera chakuda pomwe mphenzi inadutsa, ndi nthambo ziwiri zomwe wina analumikiza mwachidule tsiku lina madzi atasowa, osalemba paliponse. Kalembera wa zinthu ngati zimenezi ndiye woyenera kutsogola, njira iliyonse isanasankhidwe.

Njira yotsika mtengo kuposa zonse ndiyo kusunga makina omwe alipo n'kumangosintha chomwe chafa. Njirayi ndi yanzeru ngati kampani yomwe inapanga ma PLC ikugulitsabe zipangizo zake, ndiponso ngati pulogalamu yomwe ili mkati mwawo bungwe lili nayo pa kompyuta yake. Vuto limakhala m'chipinda cholamulira. Microsoft inasiya kusamalira Windows XP mu 2014, Windows 7 mu 2020 ndi Windows 10 mu 2025, koma mapulogalamu ambiri akale a SCADA sayenda pa Windows yatsopano, moti bungwe limakakamizika kusunga kompyuta imodzi yokalamba yomwe aliyense amaopa kuizimitsa. Mmisiri waluso akhoza kukopera zonse za mu kompyutayo n'kuziyendetsa mkati mwa kompyuta yatsopano, zomwe zingapatse bungwe zaka zingapo zopumira. Ndikuona kuti njirayi ndi yogulira nthawi basi, ndipo nthawi yogulidwayo iyenera kugwiritsidwa ntchito pokonzekera njira ina.

Njira yomwe imakopa kwambiri akuluakulu ndi obwereketsa ndalama ndiyo kuchotsa zonse n'kupatsa kampani imodzi ntchito yoika makina atsopano kuyambira ku mtsinje mpaka ku thanki yomaliza. Ubwino wake si wopeka. Chinthu chikavuta pali mmodzi womufunsa, zipangizo zimakhala za mtundu umodzi kotero kuti mmisiri wophunzira malo amodzi wadziwa malo onse, ndipo zojambula ndi mabuku zimabwera zathunthu. Ntchito ya mtunduwu imalowanso mosavuta mu ngongole yaikulu ya chitukuko, chifukwa ili ndi tsiku loyambira, tsiku lomalizira ndi mwambo wotsegulira.

Mavuto ake amayamba chitsimikizo cha kampaniyo chikatha, nthawi zambiri pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri. Makampani ambiri amagulitsa chilolezo cha pulogalamu yawo potengera kuchuluka kwa zinthu zomwe zikuyezedwa, moti bungwe likafuna kuwonjezera thanki yatsopano ku Machinjiri kapena ku Chigumula, komwe nyumba zikuchulukirachulukira, limapeza kuti liyenera kugulanso chilolezo, ndipo mtengo wake uli m'madola kapena m'mayuro. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, pomwe mu May 2022 inali itatsitsidwa kale ndi 25 peresenti. Bungwe lomwe limatolera ndalama zake m'makwacha kuchokera kwa anthu a ku Ndirande ndi ku Bangwe, koma mgwirizano wake wosamalira makina uli m'madola, limaona mtengowo ukudumpha popanda chilichonse chatsopano chomwe lalandira, ndipo ngakhale ndalamazo zitapezeka, ku banki pamakhala mzere wodikira ndalama zakunja. Choipa kwambiri n'chakuti makampani ena amatseka pulogalamu ya mu PLC ndi mawu achinsinsi omwe sawapereka, kotero kuti kungosintha mlingo womwe pampu iyenera kuzimira kumafuna kuitana injiniya wochokera ku Johannesburg ndi kumulipirira ndege ndi hotela. Palinso ngozi ya tsiku losinthira makina. Mzinda womwe umadalira kwambiri gwero limodzi sungaimitse mapampu kwa masiku angapo pofuna kuyesa makina atsopano, choncho kampani yolonjeza kusintha zonse nthawi imodzi iyenera kufunsidwa mwatsatanetsatane kuti pampu iliyonse idzayendetsedwa bwanji pa maola omwe makina akale achotsedwa koma atsopano asanakhazikike.

Njirayi ikhoza kuyenda bwino pokhapokha ngati tenda yalembedwa ndi munthu amene anavutikapo ndi makina otsekedwa ndi kampani yowagulitsa. Mu tendamo muyenera kulembedwa momveka kuti pulogalamu yonse ya mu PLC ndi ya pa makompyuta, pamodzi ndi mawu onse achinsinsi, ndi katundu wa bungwe; kuti zipangizo zizilankhulana m'njira zodziwika kwa aliyense monga DNP3, IEC 60870-5-104 kapena OPC UA; kuti zipangizo zosinthira zibwere pamodzi ndi makinawo; ndiponso kuti mtengo wa zilolezo ndi chisamaliro wa zaka khumi uwerengedwe posankha wopambana. Mfundo yomalizayi ndi yofunika chifukwa pogula katundu wa boma maso ambiri amathamangira pa mtengo wotsika wa tsiku logula, pomwe pa makina awa ndalama zambiri zimatuluka pambuyo pake.

M'zaka zaposachedwa kwabwera njira ina yomwe ogulitsa amaitama kwambiri. Pa thanki kapena pa paipi amaikapo kachipangizo ka batire kokhala ndi simu khadi ya TNM kapena Airtel, kamene kamatumiza miyeso ku makompyuta a kampani yogulitsayo kudzera pa intaneti, ndipo injiniya amaona zonse pa foni yake kulikonse komwe ali. Palibe chipinda cha makompyuta choti bungwe lizisamalira, kuika kwake kumatenga maola osati miyezi, ndipo ndalama zoyambira ndi zochepa. Pa ntchito yosaka madzi otayika, palibe njira ina yomwe ingapose iyi. Mzinda umagawidwa m'zigawo, chigawo chilichonse n'kukhala ndi mita imodzi polowera madzi, kenako amayang'ana madzi omwe akulowa pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko usiku, nthawi yomwe pafupifupi aliyense wagona ndipo makiyosiki atsekedwa. Ngati chigawo china cha ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa chikumwabe madzi ambiri pa maola amenewo, ndiye kuti pansi pa nthaka pali paipi yodontha, ndipo amisiri amadziwa komwe angayambire m'malo modikira kuti madzi atumphuke mu msewu. Tizipangizo toterewu timathandizanso kuona madera a m'munsi komwe madzi ali ndi mphamvu yopitirira muyeso, pakuti mamita 10 aliwonse otsetsereka amawonjezera pafupifupi bar imodzi (muyezo wa mphamvu ya madzi m'paipi), ndipo m'mzinda wa zitunda ngati uno kusiyana kwa msinkhu pakati pa thanki ndi nyumba ya kumunsi kumakhala kwakukulu moti mapaipi amaphulika pafupipafupi.

Koma kuona ndi kulamulira ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo apa m'pomwe ndimasiyana ndi ogulitsa njirayi. Miyeso ikachedwa ola limodzi palibe chimaonongeka, koma lamulo lozimitsa pampu likalephera kufika, thanki imasefukira kapena pampu imayenda youma mpaka kupsa. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo magetsi ankathima maola ambiri patsiku. Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagumula Soche, anapha anthu ambiri ku Chilobwe, anadula misewu, mapaipi ndi nthambo za magetsi, ndipo izi zinachitika dziko likulimbana ndi mliri wa kolera, pomwe madzi aukhondo ankafunika kuposa nthawi ina iliyonse. Nsanja za mafoni nazo zimadalira magetsi ndi mafuta a jenereta, choncho netiweki imafooka pa nthawi yomweyo yomwe bungwe la madzi likuifunitsitsa. Njirayi ili ngati nyumba ya lendi: polowa n'posavuta, koma mwezi uliwonse pali malipiro, kawirikawiri m'madola, ndipo tsiku lomwe mwalephera kulipira kapena kampaniyo yatseka bizinesi, mukhoza kutuluka opanda miyeso ya zaka zonse zomwe munasonkhanitsa. Wosankha njirayi aonetsetse kuti mgwirizano ukumulola kukopera miyeso yake yonse nthawi iliyonse m'mafayilo omwe pulogalamu wamba ingatsegule.

Njira yomwe ndikuiona yoyenera Blantyre ndiyo kukonzanso m'magawo, kuyambira pomwe pali ndalama zambiri ndi ngozi yaikulu. Gawo loyamba ndi msana wa zonse: malo otungira ndi kuyeretsera madzi, malo akuluakulu opopera ndi mathanki aakulu olandira madziwo. Pa malo amenewa nzeru yolamulira iyenera kukhala mu PLC ya pamalopo, osati mu kompyuta ya mu ofesi. Pampu ya pakati pa njira iyenera kudzizimitsa yokha ikaona kuti madzi a m'thanki yomwe ikutungamo atsika, popanda kudikira uthenga wochokera kwina, ndipo ma valve a pa paipi yaikulu ayenera kutsekeka pang'onopang'ono monga mwa nthawi yoikika, chifukwa madzi othamanga akaimitsidwa mwadzidzidzi amagunda paipi ndi mphamvu yomwe ingaing'ambe. Magetsi akabwerera, mapampu ayambe imodziimodzi osati onse pamodzi, popeza ESCOM imalipiritsa makasitomala aakulu potengeranso mphamvu yaikulu yomwe anakoka pa nthawi imodzi, ndipo mtengo wa magetsi umasiyana pakati pa maola omwe anthu ambiri akuwagwiritsa ntchito ndi maola ena. Makina odziwa kudzaza mathanki pa maola otsika mtengo akhoza kubweza mbali ya ndalama zomwe anagulira. Gawo lachiwiri ndi mathanki ang'onoang'ono ndi mapampu a m'madera, ndipo gawo lachitatu ndi tizipangizo ta simu khadi tija m'zigawo za mzinda, tomwe tingayambe ngakhale msanga popeza sitisokoneza chilichonse. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti kwa zaka zingapo makina akale ndi atsopano amayendera limodzi, ndipo pamafunika mainjiniya a bungwe lenilenilo olimba mtima kulemba miyezo ndi kuikakamiza pa makontirakitala osiyanasiyana. Popanda anthu amenewo, njirayi imabala chisakanizo cha zipangizo zosamvana, chomwe n'choipa kuposa kudalira kampani imodzi.

Njira iliyonse mwa izi imakumana ndi funso la momwe uthenga uziyendera. Wailesi ya bungwe lokha, ya UHF, imafuna chiphaso cha MACRA ndi malipiro a chaka ndi chaka, koma ikaikidwa siidalira kampani ya mafoni. Mapiri a Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe ndi Bangwe amatchinga mafunde, komabe mapiri omwewo ndiwo malo abwino oikapo zolandira ndi kutumizanso uthenga, ndipo mathanki amamangidwa kale pamalo okwera. Chofunika n'chakuti njira iliyonse ya mafunde iyesedwe pamalopo ndi zipangizo, osati kungojambulidwa pa mapu. Nthambo za fibre, zotumiza uthenga pogwiritsa ntchito kuwala, zimanyamula zambiri, ngakhale zithunzi za makamera achitetezo, ndipo mphenzi siziyenda m'menemo, koma kukumba ngalande yake n'kodula ndipo zimadulidwa ndi okonza misewu kapena akuba omwe amaganiza kuti muli kopa. Nthawi yabwino yoziika ndi pomwe ngalande yakumbidwa kale poika paipi yatsopano. LoRaWAN, njira ina ya wailesi yosadya magetsi ambiri, imatumiza timauthenga tating'ono pa batire lotha zaka zingapo, ndipo ndi yoyenera mamita ndi toyezera, osati mapampu. Intaneti ya setilaiti, monga Starlink yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ingakhale njira yachiwiri pa malo akutali monga ku mtsinje. Pa msana uja ndingasankhe wailesi kapena fibre kukhala njira yoyamba, netiweki ya foni n'kukhala yodzidzimukira.

Chilankhulo cha makinawo chili ndi kanthu kamodzi koyenera kukadziwa. Modbus, yomwe inayamba mu 1979 ndipo pafupifupi chipangizo chilichonse chimaimva, imangoyankha zomwe zilipo pa nthawi yomwe yafunsidwa, moti netiweki ikaduka kwa maola atatu, mbiri ya maola atatuwo yapita. DNP3 ndi IEC 60870-5-104 zimalola RTU kusunga chochitika chilichonse ndi nthawi yake n'kudzatumiza zonse njira ikatseguka. Kwa malo omwe uthenga umadukaduka, kusiyana kumeneku n'kofunika kuposa maonekedwe okongola a pa sikirini.

Zipangizo zambiri za m'mathengo sizifa ndi ukalamba koma ndi mphenzi, kusinthasintha kwa magetsi ndi akuba. Kuyambira November mpaka March bokosi lililonse lokhala pa phiri ndi mlongoti wake limakhala pangozi, choncho waya wolowa pansi woyezedwa bwino ndi zotchinjiriza mphenzi pa nthambo iliyonse yolowa m'bokosi si zinthu zoyenera kuchotsedwa pofuna kuchepetsa mtengo, ngakhale kuti ndizo zimayamba kuchotsedwa. Sola ndi batire ziyenera kukwanitsa masiku angapo a mitambo monga a chiperoni, ndipo ziikidwe moti kuzichotsa kukhale kovuta, chitseko cha bokosi chikhale ndi kachipangizo kodziwitsa chipinda cholamulira chikangotsegulidwa.

Za chitetezo cha pa intaneti anthu ena amati ndani angavutike ndi mapampu a ku Malawi, koma oukira ambiri sasankha dziko, amangosakasaka chipangizo chilichonse chotseguka. Mu November 2023 malo opopera madzi a ku Aliquippa, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, analowereredwa kudzera mu PLC ya kampani ya Unitronics yolumikizidwa pa intaneti, ndipo chenjezo lomwe boma la dzikolo linatulutsa linatchula mawu achinsinsi a kufakitale, 1111, omwe eni makina ambiri sankawasintha. Ogwira ntchito anapulumutsa zinthu poyendetsa mapampu pamanja. Mu 2000 ku Maroochy ku Australia, munthu amene anagwirapo ntchito ku kampani yomwe inaika makina olamulira suweji ya m'deralo anagwiritsa ntchito wailesi ndi laputopu kutayira zonyansa za m'suweji m'mitsinje ndi m'mapaki. Nkhani ziwirizi zikusonyeza zoyenera kuchita: makina olamulira asakhale pa netiweki imodzi ndi makompyuta a maimelo ndi mabilu, simu khadi zikhale pa njira yapadera yomwe kampani ya foni ingapatse bungwe, wogwira ntchito aliyense akhale ndi dzina lake lolowera lomwe lingatsekedwe tsiku lomwe wachoka, ndipo pampu iliyonse ikhalebe ndi switchi yoyendetsera pamanja yomwe anthu amaiyeserera.

Anthu ndiwo mbali yomwe matenda ambiri amaipatsa mzere umodzi wokha wakuti "maphunziro a masiku asanu". Makina omwe amalira kambirimbiri pa ola amaphunzitsa woyang'anira kuti azingowatontholetsa osawerenga, choncho machenjezo ayenera kukhala ochepa ndipo lililonse likhale ndi chochita chodziwika. Choyezera klorini chosayeretsedwa ndi kuyesedwa nthawi ndi nthawi chimapereka nambala yabodza yomwe pa sikirini imaoneka ngati yoona. Mzinda uno uli ndi mwayi woti MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, ili pa Chichiri pomwepa ndipo imatulutsa mainjiniya a zamagetsi chaka chilichonse. Ndi bwino kuti amisiri a bungwe akhale nawo polemba pulogalamu ndi polumikiza nthambo kuyambira tsiku loyamba, m'malo mongopatsidwa makiyi pamapeto.

Kaya bungwe lasankha njira iti, ndalama zomaliza za kontirakitala zisatuluke makina asanayesedwe pamalo enieni pamaso pa amisiri a bungwe. Simu khadi izulidwe kapena wailesi izimitsidwe kwa maola angapo, kuti zioneke ngati pampu ikupitiriza kudzilamulira bwino ndiponso ngati mbiri ya maola amenewo ikufika yonse njira ikabwerera. Magetsi a pamalopo adulidwe mpaka zidziwike kuti batire likutha maola angati, kenako abwezeretsedwe kuti aone ngati mapampu akuyamba mwa dongosolo lomwe linagwirizanidwa. Nthambo ya choyezera madzi m'thanki ichotsedwe dala, popeza makina abwino ayenera kunena kuti choyezeracho chafa, osati kuganiza kuti thanki ilibe madzi n'kumangopopa. Pomaliza, mmisiri wa bungwe atenge PLC yatsopano m'sitolo, aikemo pulogalamu yochokera pa kompyuta ya bungwe, ndipo ayendetse pampu kontirakitala atapinda manja.